Tepi ya Mphenzi

Lolemba, 3 Malichi

Ndayamba kukonza chipinda cha kumbuyo. Zaka ziwiri chimwalirireni amuna anga, lero ndiye ndalimba mtima. Fumbi lokhalokha. Makatoni khumi ndi anayi a matepi a vidiyo, otsala a shopu yathu yobwereketsa mafilimu ija. A karate, a nkhondo, a chikondi. Ena achita chuku. Palibe angawafune, ngakhale aulere.

Chisamba, mwana wanga yekhayo, akuti ndisamuke ndizikakhala kwawo. Maso angawa. Ng'ala konsekonse, atero adokotala. Ulusi pa singano ndinasiya kale kulowetsa ndekha. Apa ndikulemba zilembo zikuluzikulu ngati mwana woyamba kumene sukulu.

Dilowa ya m'munsi ya tebulo la shopu ndi yokiya. Kiyi sakuoneka. Zimene zili m'menemo ndikuzidziwa.

Lachitatu, 5 Malichi

Kiyi wapezeka m'thumba lam'kati la jekete yabuluu ya amuna anga. Jekete ikununkhirabe mafuta awo a tsitsi. Ndinakhala nayo pampando kanthawi.

M'dilowa muja: tepi ya Mphenzi, yokutidwa ndi pilokesi yanga yamaluwa imene ndinaifunafuna chaka chathunthu. Positala yopinda kanayi. Matikiti awiri, wina wothimbirira ndi madzi.

Mphenzi. Achinyamata a lero ukawatchulira amangokuyang'ana. Ife tinkati gitala ya magetsi inabadwira m'manja mwake. Wowonda ngati nsungwi, shati yofiira yosamanga mabatani, salankhula ndi anthu, amangowerama n'kuyamba. Nyimbo za roko zimene bambo anga ankati ndi phokoso la anthu osagona kwawo.

Tsiku limene anaimba ku bwalo la mpira ndinali ndi zaka makumi awiri ndi chimodzi. Ndinanama kunyumba kuti ndikukayeza diresi la kasitomala. Ndinapita ndi mnzanga, tinatayana pachipata pomwe. Wondiponda phazi mpaka nsapato kuduka anali mnyamata wa tsitsi lalikulu ngati chitsamba. Kupepesa kambirimbiri. Kenaka anandinyamulira nsapato yoduka ija masana onse.

Nyimbo yomaliza, mvula. Woimba ng'oma anathawa, wa besi anathawa, anthu a masipika akukuwa kuti azimitse magetsi munthu angapse. Mphenzi anatsala yekha. Mphindi khumi ndi ziwiri, yekha ndi gitala, madzi akuyenderera m'zigongono. Palibe anasuntha. Ine ndinalira osadziwa chondiliritsa. Wa tsitsi uja anandifunditsa shati yake, iye n'kukhala chifuwa pamtunda akunjenjemera.

Patatha masabata asanu Mphenzi anafa pa ngozi ya galimoto. Chaka chotsatira wa tsitsi uja anandikwatira.

Lachinayi, 6 Malichi

Msana. Ndangokwanitsa makatoni awiri.

Ndakhala ndikukumbukira mmene ndinaigulira tepi ija. Panali anthu ojambula tsiku lija, makamera atatu. Filimu yake inatuluka patatha zaka zitatu, matepi owerengeka. Ndinasoka mayunifolomu a sukulu miyezi iwiri, zala kutupa, ndalama ndikubisa m'chitini cha mabatani. Pamzere kuyambira mamawa. Ndinawapatsa amuna anga pa tsiku lawo lobadwa. Munthu wamkulu anakhala pansi pa simenti n'kuikumbatira ngati khanda.

Loweruka lililonse masana shopu inkadzaza. Anzawo onse, a Waya wokonza mawailesi patsogolo, mabenchi obwereka. Ikafika pa mvula paja onse zii. Amuna anga ankaimirira kumbuyo, maso otseka, zala zikuyenda pa lamba wa buluku. Nyimbo yonse ankaidziwa, kamvekedwe kalikonse.

Ife tikuonekamo kamphindi. Kamera ikudutsa pa anthu, mutu wa chitsamba uja, pambali pake mtsikana wa nsapato imodzi. Ankaimitsa pamenepo kuonetsa aliyense, ngakhale wodzawerenga mita ya madzi.

Kenaka anangoleka. Chaka chimene Chisamba anabadwa. Akuti tepi ikutha, kuionera kulikonse kumaidya, tiisunge. Anzawo anachonderera, anakana. Ine ndinali ndi matewera ochapa, sindinalimbane nazo. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu ili m'dilowa.

Lamlungu, 9 Malichi

Chisamba ndi mwamuna wake anabwera ndi buledi ndi mankhwala a m'maso. Mkamwini anaona tepi patebulo, anaijambula ndi foni, kumangoseka. Patapita nthawi kuseka kunatha. Anakandakanda foni, kenaka anati, "Amayi, musaikhudzenso ndi manja amafuta."

Akuti anapanga mazana atatu okha. Kampani inagwa, nyumba yosungira mafilimu inapsa pamodzi ndi filimu yeniyeni imene ankakoperako. Alipo anthu, akuti, otolera zinthu za Mphenzi, amakangana pa intaneti za mtundu wa mabatani a shati yake. Matepi odziwika kuti atsala ndi anayi. Onse anayi ndi operepeseka pa gawo la mvula, chifukwa aliyense ankabweza pomwepo mobwerezabwereza mpaka chithunzi kukhala ngati mchenga. Yathuyi, yogona m'dilowa zaka zonsezi, mwina ndi yokhayo padziko imene mvula ija ikuoneka bwinobwino.

Mtengo umene anatchula sindiulemba. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Chisamba sanaseke. Anati ndi opaleshoni ya maso onse awiri ku chipatala cholipira, sabata yomweyo, osadikira mzere wa miyezi khumi ndi isanu ndi itatu.

Atapita ndinaibwezera m'pilokesi. Sindinadye.

Lachinayi, 13 Malichi

Kwabwera munthu wofuna kugula tepi. Mkamwini ndiye anamupeza. Bambo wa imvi, waulemu, chikwama chachikopa. Asanakhudze kanthu anavala magolovesi oyera ngati wonyamula bokosi la maliro. Tiyi anakana, akuti asayandikire patebulo.

Anayang'ana kabokosi ka tepi ndi galasi lokulitsa. Nambala kumbuyo, 41. Anapuma mozama. Positala anaifunyulula pang'onopang'ono ngati akutsuka bala. Tepi yeniyeniyo anangoisuzumira m'kabokosi, sanaitulutse, akuti m'nyumba muno muli fumbi, akaitulutsira kwawo.

Ali ndi zinthu za Mphenzi zodzaza chipinda, anatero. Nsambo yoduka ya gitala, lamba, kalata yopempha ntchito ku fakitale asanatchuke. Koma sanamuonepo ndi maso. Tsiku la ku bwalo lija anali ndi zaka khumi ndi zisanu, mayi ake anamutsekera m'nyumba. Anandifunsa kuti mvula inayamba nyimbo isanayambe kapena ili m'kati. Ndinati ili m'kati. Analemba m'kabuku.

Abwera pa 22 ndi ndalama, akaiyesa pa makina ake, ikakhala bwino basi. Potuluka anati, "Chonde mayi, musaiike mu deki iliyonse. Ikangodukamo, yapita."

Ndamupatsa dzina, a Magolovesi.

Lachisanu, 14 Malichi

Kusoka ayi, kuwerenga ayi. Ndakhala pakhonde.

Ndigulitsa. Maso ndi maso. Amuna anga akanandiuza zomwezo, mwina atadandaula kaye masiku atatu.

Koma ichoke m'nyumba muno osaionanso ngakhale kamodzi? Mutu wa chitsamba uja. Zithunzi zawo za unyamata ndili nazo ziwiri zokha, zonse ataima chilili ngati msilikali. M'tepimo akudumpha.

Lolemba, 17 Malichi

Ndapita kwa a Waya. Kashopu komweko kuseri kwa malo okwerera basi, mawailesi akufa mpaka kudenga, fungo la mtovu wosungunula. Akalamba. Dzanja likunjenjemera, koma likagwira sikuludiraiva limakhazikika.

Ndinawauza zonse. Ndimayesa asangalala. Ayi. Akuti deki alibe. Ndinawalozera itatu pashelefu, ngakhale ine wakhungu ndimaiona. Akuti malamba ake anatha. Akuti alamu, gulitsani osaonera, mudzikumbukira mmene inalili. Akuti a Magolovesi anena zoona, ingaduke.

Zaka makumi anayi ndikuwadziwa, sanandikanizepo kanthu. Ndinati ngati akukana ndipita kwa wokonza ma TV wa kumsika, wogwira zinthu ngati akuswa nkhuni uja. Anavula magalasi, kuwapukuta nthawi yaitali. Mawa 2 koloko.

Chisamba sindinamuuze.

Lachiwiri, 18 Malichi

Sindikudziwa poyambira.

A Waya anatseka chitseko, anapukuta m'kati mwa deki ndi kathonje. Atatulutsa tepi m'kabokosi anaitembenuza, chala chawo n'kuima pakona. Kaselotepi kachikasu, kakalekale, komata pa kabowo kaja. Ndakhala mu shopu ya matepi zaka makumi awiri. Ndikudziwa ntchito ya selotepi pa kabowo kamene kaja, ndi pofuna kujambula zina pamwamba. Koma mutu unakana kumva.

Ndinakhala mphuno pafupi ndi galasi la TV. Zinayamba. Chipata, anthu, fumbi. Mphenzi akutuluka, shati yofiira ngati banga la magazi m'maso angawa. Phokoso lija. Miyendo yanga inayamba yokha kugunda pansi. Ife tinadutsa, a Waya anaimitsa, ndinaona chinthu chakuda chozungulira ndi choyera pambali pake. Ndinagwira galasi.

Ola lathunthu ndi kanthu. Nyimbo yomaliza. Mitambo. Madontho oyamba pa kamera. Woimba ng'oma akudzuka kuthawa.

Chithunzi chinagwedezeka, mizeremizere, phokoso ngati wailesi yosowa siteshoni. Kenaka dzuwa. Chingwe cha zovala. Mpanda wa nyumba ya lendi imene tinkakhala kale, ya chitseko chobiriwira. Mzimayi wa mimba yaikulu akuyanika mapilokesi, akuimba nyimbo ya Mphenzi molakwitsa mawu onse.

Ine.

Ndipo mawu awo, pafupi kwambiri, kuseri kwa kamera, akuseka chamumtima. Mawu a mnyamata. "Mayi a mwana, tatembenukani dziko likuoneni." Ine osatembenuka, ndikuti chotsani chinthu chanucho, mwagula makala? Iwo akuti mimba imeneyi ndi ya woimba ng'oma, ikumenya usiku wonse. Ine ndikuwaponyera chopanira zovala.

Ndinalikumbuka tsikulo. Anabwereka kamera kwa wojambula maukwati, ya tsiku limodzi, yaikulu ngati sutikesi. Madzulo ake anandiuza kuti sizinatheke, kamera inali yowonongeka, palibe chajambulika.

Zinapitirira. Ine ndikulowa m'nyumba ndi beseni. Kamera ikuyenda, ikuikidwa pa mpando, ikuloza khoma. Mapazi awo akubwera kutsogolo. Pamenepo ndinati a Waya zimitsani. Zimitsani. Sindikanatha. Komanso sindinafune kuwaona ngati chifunga.

A Waya anandiperekeza kukwera basi.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndabwerera kwa a Waya m'mawa. Ndinawafunsa kuti anadziwa liti. Akuti tsiku lomwelo.

Linali Lamlungu, masitolo otseka, tepi yopanda kanthu kulibe. Za mu shopu zonse zinali za kampani yotibwereketsa, kuwononga imodzi kunali kutaya bizinesi. Yawoyawo inali imodzi yokha. Kamera ibwezedwe 5 koloko. Selotepi anakapempha kwa a Waya omwewo. A Waya anawagwira dzanja, akuti mwapenga, jambulani koyambirira kuli zolankhula za wotsegulira mwambo. Koma tepi inali itaima pa mvula paja, pamene anailekezera dzulo lake, kuibweza kunafuna deki, deki ili ku shopu, dzuwa likupita.

Akuti amuna anga anayankha kuti, "Mvula ija ndili nayo m'mutu yonse. Koma uyu tamudikira zaka zisanu, sindidzamuonanso ali chonchi."

Nanga kundibisira? A Waya anaseka koyamba. Akuti alamu, munatupa zala miyezi iwiri. Munthu uja ankakuopani kuposa apolisi. Chaka chilichonse ankati akuuzani chaka chamawa.

Chitsiru cha munthu. Chitsiru changa. Ndalira m'basi, kondakitala anandisiya osandifunsa tikiti.

Lachinayi, 20 Malichi

Ndawauza ana. Mkamwini anakhala pa mkono wa sofa, manja kumutu. Anali atalembetsa kale dzina langa ku chipatala chija. Sananene choipa, ndi mwana waulemu, koma anatuluka kukayang'ana matayala a galimoto nthawi yaitali ndithu. Kenaka anabwera ndi nzeru, akuti tingomata kabokosi, tinene kuti sitinaionere, munthuyo akazionera yekha kwawo. Chisamba anamuyang'ana kamodzi. Nkhani inathera pomwepo.

Chisamba anafunsa kuti ndinavala chiyani. Diresi lachikasu la madontho, losoka ndekha. Anafunsa ngati iye akuoneka. Ndinati ndiwe wadzaza chithunzi chonse.

Akufuna kuionera. Ndati adikire.

Loweruka, 22 Malichi

A Magolovesi, 10 koloko ndendende, envelopu m'thumba la jekete. Ndinawauza asanakhale pansi. Zonse, ndi za makala zomwe.

Anatulutsa tepi, anaona selotepi. Nkhope sindimaiona bwino, koma kupuma ndimakumva. Anafunsa kuti zafufutika mphindi zingati. Ndinati a Waya anandiuza kuti khumi ndi zitatu. Ndiye kuti mvula yonse, anatero a Magolovesi. Zaka makumi atatu akuifunafuna.

Ndinawamvera chisoni, zoona. Mwana wotsekeredwa m'nyumba uja.

Anavula magolovesi, anapempha tiyi uja. Ndiye anati ndiwafotokozere mphindi khumi ndi ziwirizo, mmene ndinazionera ine. Ndinayamba mwamanyazi. Kenaka zinabwera zokha. Mmene anagwadira pa bondo limodzi. Nthunzi ikutuluka pa msana pake. Pamene nsambo inaduka iye n'kupitiriza ndi zotsalazo. Wapolisi amene anavula chipewa. Mmene anamalizira, osati ndi phokoso, koma kamawu kamodzi kakang'ono kokoka mpaka kuzimirira, n'kuika gitala pansi m'madzi, n'kuchoka osatembenuka. Za wapolisi ndi za bondo akuti sizili m'buku lililonse. Analemba masamba asanu ndi limodzi. Maola awiri.

Tepi sakuifuna, ndi yanu mayi, anatero. Koma kabokosi kopanda kanthu, positala ndi matikiti agula. Kabokosi kopanda kanthu! Akuti ka nambala yotsika chonchi, kosang'ambika, kali ndi anthu ake. Tikiti yothimbirira ndiye anaikonda koposa, chifukwa ndi madzi a mvula yomweyo.

Tikiti ndinagulitsa imodzi. Inayo ndasunga, youma. Sindikudziwa kuti inali yanga kapena yawo.

Mkamwini wawerengera. Zikwana diso limodzi.

Lachinayi, 27 Malichi

Makatoni apita. Anatenga ndi wogula zakale, akuti mapulasitiki ake. Chipinda cha kumbuyo chikumveka mawu ukalankhula.

Tepi ilibe nyumba tsopano, ikugona m'pilokesi basi. A Waya akuti aisamutsira pa kompyuta isanathe, koma ndawauza kuti asaonere kumapeto. Akuti iwonso sanakuonepo. Amuna anga sanaonetse munthu.

Opaleshoni pa 8. Diso lamanja. Adokotala akuti ndi mphindi makumi awiri, ndidzakhala maso. Mantha alipo.

Za kusamuka ndati tidzakambe diso likapola. Chisamba sanatsutse.

Lachinayi, 10 Epulo

Achotsa bandeji dzulo.

Nyumba yanga ndi yakuda chonchi? Makatani ndimayesa ndi otuwa, kani ndi obiriwira. Pa kalilole pali gogo wina wa makwinya, sindinamuitane. Ndalowetsa ulusi pa singano nditayesa kawiri kokha.

Kulemba pang'ono, atero adokotala. TV pakatha masiku asanu.

Lachiwiri, 15 Epulo

Ku shopu ya a Waya, masana. Ine, Chisamba, mkamwini, a Waya. Anabwereka benchi kwa wometa tsitsi.

Tinayambira pamene tikudutsa ife. Ndawaona. Tsitsi lililonse. Mano. Dzanja lina m'mwamba, lina lagwira nsapato yanga. Chisamba anati, adadi anali ndi tsitsi? Iye anawadziwa ndi dazi.

Chingwe cha zovala. Diresi la madontho. Ndinali wokongola, bwanji panalibe wondiuza. Chisamba anandigwira bondo osalisiya.

Kamera pa mpando. Khoma. Mapazi.

Analowa atanyamula tsache la mpini wautali. Anasuzumira kukhomo kuona ngati ndikubwera. Anakonza kolala. Anayang'ana mu kamera, nkhope ya munthu woti waswa mbale ya eni, n'kunena motsitsa mawu, "Pepani a Mphenzi. Ndikubwezerani."

Anamasula mabatani a shati. Anawerama. Ndipo anayamba kuimba ndi pakamwa, tsache pamimba, zala zikuthamanga pa mpini. Tiii, wiii, nyeee. Yonse. Kamvekedwe kalikonse pamalo pake, a Waya akugwedeza mutu kuvomereza, milomo ikuyenda nawo. Anagwada pa bondo limodzi. Pamene nsambo inaduka anachita kudzidzimuka n'kupitiriza. Nkhuku ya aneba inadutsa kumbuyo. Thukuta. Mawu anga kuchokera m'nyumba, kufunsa kuti tsache lili kuti. Iwo osaleka.

Mkamwini anaseka mpaka kutsika pa benchi. Chisamba kuseka ndi kulira pamodzi. Ine diso latsopanoli adokotala anati lisalowe madzi, nanga ndikanatani.

Anafika pa kamawu komaliza kaja, anakakoka, anakakoka, mpweya ukuwathera, tsache likutsika pansi. Asanamalize, batire ya kamera inatha. Mizeremizere.

Ndipo filimu yakale inabwerera pomwepo. Bwalo lonse lili chiimire, anthu zikwizikwi onyowa, akuwomba m'manja, akukuwa, ena akulira, osaleka.

A Waya anaimirira nawo. Kenaka tonse.

Ndiwaimbira foni a Magolovesi. Abwere adzaone, ndi yokhayo yatsala. Abwere ndi kabuku kawo, koma magolovesi asiye.